Inki Imene Inakana Madzi

Balaka Siteshoni,
14 Januwale 1952.

Okondedwa achemwali a Lukiya ndi alamu a Bakari,

Moni nonse kunyanjako. Kuno tilipo, kungoti mkazi wanga Clementina mutu sukumusiya, ndipo ana akutsokomola mosinthana ngati anachita kupangana.

Kalata yanu a Amosi ogula nsomba andipatsa dzulo, koma kunena zoona chimene andipatsacho si kalata, ndi chisanza. Mvula inawapeza pa Liwonde akudikira pantoni yowolotsa anthu pa Shire, ndiye pepala lonse langoti bii ngati munapukutira poto. Ndaliyanika, ndalipenda padzuwa, ndaliika pagalasi la zenera la ku ofesi, koma mawu amene ndatolapo ndi awiri okha: "amayi" ndi "inki". Tsono amayi atani? Nanga inkiyo yalowapo bwanji?

Alamu, ndifunseko, mumalembera chiyani kwenikweni? Peni ija munabwera nayo kuchokera ku nkhondo ya ku Bama ndi yabwino, ndinaigwira ndi manja angawa. Vuto si peni iyayi, ndi zimene mukuimwetsazo. Munthu sangakhale ndi mtima m'mwamba chonchi chifukwa cha madzi a mvula.

Lembaninso msanga, ndipo muwauze a Amosi aiike m'chipewa, osati pamwamba pa dengu la nsomba.

Ine mlongo wanu,
Blasius.

Chiuta, kufupi ndi Nayuchi,
23 Januwale 1952.

Achimwene,

Asalamu aleikumu, kaya kwanuko mumapatsana moni wotani masiku ano. Dzanja ndi la alamu anu, koma mawu ndi anga, ine Lukiya.

Amayi akudwala. Miyendo yatupa mpaka m'mawondo, akagona chagada mpweya umawathawa, ndiye timawatsamiritsa kukhoma. Tinapita nawo ku chipatala cha ku Kasupe mvula isanalimbe, anatipatsa mankhwala, kutupa kunaphwa, mankhwala atatha kwabwereranso. Kumunda wa mpunga sanapondeko chaka chino. Ine ndatopa, achimwene. Ndikulima ndekha, ndikudwazika ndekha, pamene mwini mbumba ndinu.

Akukuitanani. Dzina lanu la ku tchalitchilo lilime lawo linalikana kalekale, amangoti, "Imedi wafika?" Njinga ikalira belu kunjira amatukula mutu. Bwerani mudzawaone akadali kuzindikira anthu.

Za inki nazi. Ati ngati iyeyo sangabwere, atumize inki, yomweyo imene amalembera iye. Musandifunse zambiri, ingotumizani.

Ine Lukiya.

Alamu, pano ndikuyankhula ndine Bakari. Mwandinyoza bwino ndithu, ndalandira. Botolo la ku usilikali linauma chaka chatha, ndipo kuno sitolo yogulitsa inki kulibe, nsomba sizilemba makalata. Ndimapempha kwa mwalimu wa pamzikiti pano, inki yake ija ya mwaye ndi utomoni. M'mimba mwa peni sindiithiramo, ndimangoviika nsonga. Inunso munaphunzirira yomweyo pa madarasa musanakhale bwana kalaliki, ndiye musaiseke kwambiri. Amayi akudwaladi, mkazi wangayu sakuwonjezera.

Balaka Siteshoni,
4 Febuluwale 1952.

Achemwali ndi alamu,

Moni. Nkhani ya amayi yandilowa m'mafupa. Ndinapita kwa bwana kukapempha tchuthi, iye wati iyayi. Kalaliki mnzanga wa ku shedi ya katundu anathawira ku Joni pa Khirisimasi, ndiye mabuku onse ali pamutu panga: mchere, palafini, matumba a chimanga, zonse. Wati ndidikire wina atumizidwe kuchokera ku Limbe. Ndikachoka ndekha ndikapeza pampando pali munthu, ndipo ana awa sadya njanji. Muwauze amayi kuti ndibwera mvula ikangodula.

Koma za inki ndachitapo mwamphamvu, kuti makalata anu azifika amoyo. Dzulo titaweruka ku Misa ndinakhala pakhonde ndi mabotolo anayi, beseni la madzi ndi mapepala a mtundu umodzi. Papepala lililonse ndinalembapo dzina langa, ndi kuliyanika, kenaka ndi kulimiza.

Yoyamba ndi ya ufa, imene aphunzitsi amasungunula m'chigubu kusukulu. Imeneyi ndi madzi akuda chabe. Polemba imaoneka yotuwa ngati phulusa, papepala imayenderera, ndipo nditangoimiza dzina langa linanyamuka lonse, pepala ndi kuyera. Sindingapatse ngakhale mdani.

Yachiwiri ndi ya m'sitolo ya Mmwenye wa kuseri kwa siteshoni, ya kabotolo kafupi. Iyi peni imaikonda, imayenda myaa osakanda pepala, ndipo kuda kwake nkokongola. Koma m'madzi inatulutsa mtambo wofiirira, dzina linatsala ngati chipsera. Ndi inki ya munthu wokhala m'nyumba ya malata.

Yachitatu ndinabwereka kwa Bulazala wa ku mishoni amene amajambula mapulani a nyumba. Kuda kwake palibe ina yofanana nayo, imachita kunyezimira, ndipo madzi sayikhudza nkomwe. Koma ndi yolemera, ikauma imagwira ngati phula. Mukaithira m'peni, mawa lake peniyo mukaitaye. Alamu, imeneyi muziiona patali.

Yachinayi ndi imene timalembera m'mabuku a katundu, ndipo ndi imene ndikulembera pano. Ikamatuluka imaoneka yabuluu ndi yofooka, munthu nkuiderera. Isiyeni igone. Mawa lake yada, mkuja yaderatu, ndipo imalowa m'kati mwa pepala, osati pamwamba pokha. Fungo lake ndi lowawasa ngati msomali wadzimbiri, ndipo peni imafuna kutsukidwa kawirikawiri. Ndinaisiya m'beseni mpaka Clementina anafuna beseni lake, ndinaipikitsa ndi chala, dzina lili chilili. Iyi ndiye inki.

Ndakugulirani botolo lathunthu la yachinayiyi, a Amosi akupatsani. Tsopano mvula igwe mmene ingagwere, mawu anu sadzachokanso. Amayi muwauze kuti mwana wawo wawasankhira yabwino kuposa zonse za pa Balaka.

Ine,
Blasius.

Chiuta,
17 Febuluwale 1952.

Imedi,

Moni ndikupatsani chifukwa ndi mwambo. Kalata ino yalembedwa ndi inki yanu yabwinoyo, ndiye muwerenga liwu lililonse, palibe chothawira.

Inki ija sinali ya makalata. Amayi ankafuna kombe. Ngati munaiwala ndikukumbutseni: mwalimu amalemba mawu a m'Kurani papepala, amatsukira m'madzi, wodwala ndi kumwa. Mwalimu inki ali nayo yake, sanasowe. Koma amayi anati, "Mwanayo miyendo yake yakana kubwera, ndiye chibwere chimene amagwira tsiku ndi tsiku, chilowe m'mimba momwe anachokera." Sindinakuuzeni chifukwa ndinadziwa kuti muyamba kutiphunzitsa za Abambo a ku mishoni, botolo osatumiza.

Lachisanu mwalimu analemba m'mawa ndi inki yanuyo, nasiya pepala kuti liume, napita kumzikiti. Madzulo anabwera, anthu tili khale, amayi tawatsamiritsa. Anamiza pepala m'bakuli. Madzi ali mbee. Anatakasa, anadikira, anatikita ndi chala mpaka pepala linayamba kunyenyeka, mawu ali pomwepo, akuda kuposa mmene analili m'mawa. Ananunkhiza botolo nati ngakhale ikanachoka sakanamwetsa munthu zimenezi.

Mwalimu anapanganso kombe lina ndi inki yake, amayi anamwa mwaulemu. Koma anthu atapita anandifunsa kuti, "Iyeyo anachita kusankha?" Ine bodza sinditha. Ndinati eya, analemba yekha kuti anayesa zinayi nasankha imene madzi sangaichotse. Anangoti, "Oo," natembenukira kukhoma.

Kuyambira tsiku limenelo belu la njinga likalira satukulanso mutu. Phala akumwa masipuni owerengeka, ndipo dzina lanu sakulitchula. Ine ndinakwiya nanu, tsopano ngakhale mphamvu yokwiyira yandithera. Munakhala tsiku lathunthu pakhonde kusambitsa mapepala, mayi anu akusambitsidwa ndi ine.

Lukiya.

Alamu, ndalemba monga anenera, sindinachotsepo kanthu ngakhale ndinafuna. Inkiyo payokha ndi yabwino, peni yanga yaikonda. Bakari.

Balaka Siteshoni,
25 Febuluwale 1952.

Achemwali,

Moni. Kalata yanu ndawerenga, ndipo monga mwanenera, palibe liwu limene linasowa.

Mukanandiuza. Ndi liwu limodzi lokha, kombe, mukanalilemba. Mwandiyesa munthu wotani, woti ndingamane mayi anga inki ya ufa ya ana a sukulu? Munandipempha inki nditangodandaula za kalata yonyowa, ine ndikanaganiza chiyani? Ndinasankha yosachoka chifukwa ndinkafuna kumva za amayi, osati kuwakaniza.

Ndipo poti tayamba kunena, tinene. Mukuti miyendo yanga yakana kubwera. Ulendo womaliza uja, pa sadaka ya abambo, amalume ananena pagulu kuti munthu wodya za Akhirisitu asapise dzanja m'mbale imodzi ndi anthu. Amayi anadzuka. Analowa m'nyumba, natenga mbale yoyera ija ya mkombero wabuluu, nandiikira pandekha pansi pa mango. Nditadya anaitsuka payokha ndi kuisomeka kudenga, kuti isakhudzane ndi zinzake. Ndinaona ndi maso angawa. Sindinawakwiyire, ndikudziwa kuti anachita zimene anayenera kuchita pamaso pa abale awo. Koma munthu ukafuna kunyamuka, mbale ija imabwera m'maso, mwendo ndi kulemera.

Komabe ndinapitanso kwa bwana, ndipo wandiyankha ndi msana. Ngakhale akanalola, akuti Shire wadzaza, pantoni aimangirira, ndipo a Amosi akuti awoloka pa bwato ulendo uno wokha, njinga ili pamutu, sabwerezanso mpaka madzi atsike.

Auzeni amayi kuti sindinadziwe. Muwauze mawu amenewa monga ndalembera.

Blasius.

Balaka Siteshoni,
16 Malichi 1952.

Achemwali ndi alamu,

Moni. Kuchokera kwanu kuli zii. Kaya ndi madzi atseka njira, kaya ndinu mwanditsekera, sindikudziwa, ndipo tulo sindikulipeza bwino.

Clementina ndi amene wandidzutsa. Anandipeza ndikuwerenganso kalata yanu nati, "Bambo a Lena, inki zinayi munaziyesa, yachisanu munaisiyiranji? Si inu munkandiuza kuti muli mwana munkapanga nokha?" Ndinamukalipira kuti za kwathu sazidziwa. Mawa lake ndinapita kukatema mthethe kuseri kwa njanji.

Manja sanaiwale, achemwali. Ndinavundikira chigoba cha mphika pamwamba pa nyali ya koloboyi, koma mwaye wa palafini unanunkha, ndinautaya poganiza kuti ndi zolowa m'mimba mwa munthu. Ndinayambanso ndi mafuta a mtedza ndi chingwe cha thonje. Mwayewo ndinaupala ndi nthenga, ndi kuusakaniza ndi utomoni wa mthethe wosungunula m'madzi ofunda, ndi kusefa pakansalu. Yoyamba inali yamadzi, yachiwiri inamata. Yachitatu yakhala bwino. Peni yanga yaikana, ndiye ndasema bango monga ankatiphunzitsira mwalimu wakale uja.

Ndaiyesa monga ndinayesera zinzake. Papepala ndi yakuda kwambiri, yofatsa, yosanyezimira, ndipo kunena chilungamo ndi yokongola kuposa ya Mmwenye. M'beseni imanyamuka yonse nthawi imodzi, osasiya chipsera. Ndalawa madziwo ndekha, sawawa.

M'chitini cha tiyi chimene ndamata ndi kandulochi muli zinthu ziwiri. Kabotolo ndi ka mwalimu, alembere kombe ngati angalole inki ya m'manja mwa Mkatolika. Pepala lopindalo ndi kalata ya amayi okha, ndalemba ndi inki yomweyo ndi bango. Alamu, muwawerengere pang'onopang'ono, pasakhale anthu ambiri.

Kalaliki wa ku Limbe akuti afika Pasaka isanakwane. Akangokhala pampando ine ndanyamuka, ngakhale ndiwoloke chosambira. A Amosi akuti madzi ayamba kutsika, ayesa mawa.

Ine mlongo wanu,
Blasius.

Chiuta,
2 Epulo 1952.

Achimwene,

Asalamu aleikumu. Akulemba ndi alamu anu, mawu ndi anga.

Amayi anatisiya Lamulungu m'mawa, tinawaika tsiku lomwelo dzuwa litapendeka, monga mwa Chisilamu. Munthu woti akuuzeni msanga panalibe, ndipo ngakhale akanapezeka simukanawapeza. Musathamange tsopano. Mubwere bwinobwino pa sadaka ya arubaini, masiku makumi anayi akakwana.

Makalata anu awiri anafika limodzi, chifukwa yoyamba ija inagonera kwa a Amosi, amene anabwerera panjira madzi atatseka dambo. Ya mbale ija ndinayamba kumva ndine, ndipo ndinafuna kuibisa. Alamu anu anati iyayi, mwini wake anati tinene monga walembera. Anawawerengera yonse. Pofika pa mbale amayi anatseka maso, ine ndinayesa agona. Kenaka anati, "Anaona eti."

Mawa lake mwalimu anabwera. Anatsegula kabotolo kanu, ananunkhiza, anadontheza pachikhadabo, nafunsa kuti anakuphunzitsani ndani. Titamuuza anati dzanja limeneli silinatayike. Analemba kombe, linatsukika bwino lomwe, amayi anamwa.

Atatha anafunsa za pepala linalo. Alamu anu analitambasula kuti ayambe kuwerenga, amayi anatukula dzanja nati, "Iyayi. Zowerenga zimalowa khutu ili ndi kutulukira linali. Ndipatseni." Analigwira nthawi yaitali, analinunkhiza, analisisita ndi chala chachikulu mpaka chinada. Kenaka anandiuza kuti nditenge madzi. Ndinabwera ndi bakuli lija la kombe, iwo anapukusa mutu naloza kudenga.

Achimwene, mbale yanu inali pomwe munaiona ikusomekedwa. Zaka zonsezi sanalole munthu kuigwira, ngakhale pamene tinkafolera udzu watsopano anaichotsa okha ndi kuibwezera okha. Ine ndinkayesa akuisala. Ndinaitsitsa, ndinaipukuta fumbi, ndinafuna kukaitsuka ndi phulusa, iwo anati ndingotsukuluza basi.

Mwalimu anati, "Amayi, chimenechi si kombe, ndi kalata ya munthu chabe." Iwo anati akudziwa. Amalume analipo, anayamba kukonza kukhosi kuti ayankhule za mbaleyo, amayi anangowayang'ana, amalume ndi kutuluka panja kukaona mbuzi.

Anamiza okha pepalalo. Mawu ananyamuka onse nthawi imodzi monga munanenera, madzi anada bii. Ndinawagwirira mbale kunsi, koma kukamwa anaifikitsa okha. Anamwa onse, pang'onopang'ono, kupumira pakati. Atamaliza anapukuta pakamwa nati, "Wafika." Madzulo ake anadya phala lambiri ndithu, ndi kufunsa ngati mpunga wa kudambo wayamba kubereka. Anakhala nafe mpaka Lamulungu lija.

Ine sindikudziwa zimene munalemba. Alamu anu akuti anangoona dzina la pansi lokha, ndipo silinali la ku tchalitchi. Sindikufunsani, sizinali zanga.

Pepalalo ndinaliyanika, lauma, ndi loyera ngati silinalembedwepo. Ndaliika muno, ndi lanu. Mbale sindinaibwezere kudenga. Ili pathandala pamodzi ndi zinzake, ndipo dzulo ana adyeramo.

Ine mlongo wanu,
Lukiya.